Njati ya ku Yellowstone ikangoima phee mu chipale, sikuti yakuzolowerani

Anthu amakonda kunditumizira timavidiyo ta pa Facebook, munthu wayandikira chinjati chili mbuu ndi chipale chofewa kumaso, akudzijambula, funso nkumati kodi nyama za azungu nzofatsa chonchi? Ayi ndithu. Ife ogwira ntchito za nyama zakutchire tikaona zotere mtima umangoti phwii.

Mavidiyo ambiriwa ndi a ku Yellowstone, paki ya ku America yomwe inakhazikitsidwa mu 1872, mbali yake yaikulu ili ku Wyoming. Nyengo yozizira kumeneko si masewera a June wathu uyu, kuzizira kumatha kutsika mpaka madigiri -30, misewu yambiri amatseka ndipo galimoto wamba imangodutsa msewu umodzi wochokera ku Gardiner kudzera ku Lamar Valley mpaka ku Cooke City. Kwinako mumalowa pa snowmobile, kokhala ngati kanjinga kamoto ka pa chipale, kapena pa timabasi toyenda pa chipale, kuyambira pakati pa December mpaka March.

Ndiye nkhani ili apa. Njati imeneyi, eni ake amati bison, ndi mtundu wina osati yathu ya ku Majete ija, ndipo nthawi yozizira imakhala ikudalira mafuta omwe inasunga mthupi nthawi ya msipu. Udzu uli pansi pa chipale, kuti iupeze imakankha chipalecho ndi mutu uku ndi uku, nchifukwa chake ili ndi linunda lalikulu lija, ndi minofu yonyamula mutuwo, koma udzu womwe ipeze ndi wouma wopanda thanzi kwenikweni. Choncho imasunga mphamvu ngati mmene mayi amasungira ufa mu February. Siithamanga chisawawa, imayenda mumsewu wokonzedwa kale poti ndi mosavuta, ina imakagona pafupi ndi akasupe otentha a ku Old Faithful kuothera nthunzi. Inu mukaiyandikira nkuidzidzimutsa ithawe mu chipale chofika mmimba, mwaidyera chakudya cha mawa, ndipo yofooka ndi imene mimbulu imasankha.

Komanso si zonse zimathawa. Yamphongo imalemera makilo pafupifupi 900 ndipo imathamanga makilomita 55 pa ola, inu ndi majekete atatu ndi nsapato zolemera zija mufika kuti? Mu paki imeneyi njati zavulaza anthu ambiri kuposa nyama ina iliyonse. Lamulo lake ndi lakuti mutalikire mamita 23 kwa njati ndi elk, agwape akuluakulu aja, ndi mamita 91 kwa mimbulu ndi zimbalangondo. Mukaona yakweza mchira, ikupalasa pansi, bwererani.

Mimbulu ndiye nthawi yake imeneyi. Inabwezeretsedwa mu paki mu 1995 kuchokera ku Canada, ndipo pa chipale imaoneka bwino patali, anthu amalawirira mbandakucha ku Lamar ndi makina oonera patali. Zimbalangondo zambiri zimakhala zili mtulo mmapanga, zamphongo zimayamba kutuluka cha mu March.

Chifundo nachonso chimapha. Mu 2016 alendo ena anaona kamwana ka njati nkuganiza kuti kakufa ndi chisanu, anakanyamula nkukaika mgalimoto mwawo kupita nako kwa olondera paki. Olonderawo anayesetsa kukabwezera ku gulu lake koma gulu linakakana, kanayamba kumangolondola anthu ndi magalimoto pamsewu, mapeto ake olonderawo anakapha.