Loko ya difu saiponda tayala likuzungulira pamalo amodzi

Mvula ikangokhazikika mu Disembala, mathirakitala ang'onoang'ono amayamba kufika ku galaja kuchokera kumapuloti a ku Seke, Goromonzi ndi Domboshava, madera ozungulira mzinda wa Harare ku Zimbabwe, ena pa lole, ena okokedwa ndi tcheni. Eni ake onse amayamba ndi mawu amodzi: "Zinthu za masiku ano n'zosalimba." Ndatopa nawo mawu amenewa. Ma Kubota, Yanmar ndi Iseki amene amabwera kuno atagwirako kale ntchito ku Japan anapangidwira minda ya mpunga, matope enieni. Dambo lathu silingawaphe. Chikuwapha ndi chidendene cha dalaivala.

Zimachitika chonchi. Tayala limodzi lakumbuyo latitimira, likungozungulira pamalo amodzi, linzake laima. Dalaivala awonjezera moto, matope akuuluka, ndiye pomwepo akumbukira kachitsulo kaja kali pansi pa chidendene, pedulo ya loko ya difu, n'kukadinda ndi mphamvu zonse. Gwa! Difu ndi magiya amene amalola matayala akumbuyo kuzungulira pa liwiro losiyana pokhota. Mkatimo muli loko, kolala yachitsulo ya mano kapena mapini, imene foloko imaikankha kuti imange ekiselo ya kumanzere ndi ya kumanja ziyendere limodzi. Tayala limodzi likaima, difu imazunguza linzakelo kuwirikiza kawiri liwiro lake. Inu mukulowetsa kolala ija pakati pa chitsulo chothamanga ndi chitsulo choima. Mapini amaduka, mano amabenthuka, foloko imapindika.

Kagwiritsidwe kake si kovuta. Mukaona malo oterera patsogolo, chepetsani moto ndipo pondani loko musanalowemo, matayala onse akuyendera limodzi. Ngati mwatitimira kale, tsitsani moto, pondani kilatchi kapena, pa thirakitala ya hydrostatic (yoyenda ndi mphamvu ya oyilo), chotsani phazi pa pedulo yoyendetsera, tayala liime kaye. Kenako pondani loko, nyamukani pang'onopang'ono mpaka mumve kuti yalowa, ndipo chiwongolero chikhale chowongoka. Mukatuluka m'matope chotsani phazi, muyang'ane pansi ngati kachitsulo kabwereradi m'mwamba. Kakakanirira, gundani buleki ya mbali imodzi pang'ono kenako ya mbali inayo, kapena bwererani m'mbuyo pang'ono, kamasuka. Kukhota ndi loko ayi. Pa tara ayi. Buleki ya tayala limodzi yokhotera kumapeto kwa mzere, loko ili mkati, ndiye kupotokola ekiselo dala.

Chimene ambiri sachiganizira n'chakuti kachidutswa kobenthuka kaja sikatuluka panja. Pa mathirakitala ang'onowa giyabokosi, difu ndi maekiselo zili m'bokosi limodzi, transaxle, ndipo oyilo wa m'menemo ndi yemweyo amene amanyamula pulawo kumbuyo. Pa ambiri mabuleki amasambiranso mu oyilo yemweyo. Zidutswa zazikulu zimapita m'mano a magiya, zazing'ono ngati fumbi zimadutsa mpaka ku pampu. Mwaphwanya loko lero, mwezi wamawa mukudandaula kuti pulawo ikukwera monjenjemera.

Pali thirakitala imodzi imene mpaka pano imandiwawa mtima. Inali ya madala ena a ku mbali ya Seke, amene anakalambira m'mafamu a eni. Ana awo a ku Johannesburg anasonkherana n'kuwagulira, mdzukulu ndiye ankayendetsa. Kasipiring'i kobweza pedulo ya loko kanadyeka ndi dzimbiri, pedulo n'kutsalira pansi. Mnyamatayo sanadziwe, panalibe anamuuzapo kuti kachitsuloko kamachita chiyani. Ankakoka ngolo ya tomato kukafika nayo kumsewu kumene malole opita ku Mbare Musika, msika waukulu wa mu Harare, amanyamulira, loko ili mkati. Pa kona thirakitala inkadumphadumpha, matayala akulira, chiwongolero chikukana. Onse anati ndi siteringi.

Kenako kumbuyo kunayamba kugogoda. Nditawafunsa kuti, "Bambo, phokosoli litayamba bwanji simunaimitse?" anati, "Mwana wanga, mvula sidikira munthu. Tinati tithane kaye ndi kudzala."

Atathana nako anapita kwa makaniko wa pansi pa mtengo. Uyo anatsegula, anapeza timagiya ta m'kati mwa difu tabenthuka, n'kutiwotcherera tonse pamodzi. Sanatsuke bokosi. Anathiramo oyilo wolimba wa 140 kuti phokoso limire, n'kulandira ndalama yake. Phokoso linachepadi. Koma difu yowotcherera ndi loko imene simasukanso mpaka kalekale. Patapita masabata angapo ekiselo inaduka pa kona, ngolo ili yodzaza, thirakitala n'kukagwera m'ngalande. Mwayi wake mnyamatayo anatuluka wamoyo, koma mlandu wonse unagwera iye ndipo anamuchotsa pa chiwongolero. Nditakhuthula oyilo ankanyezimira padzuwa, sefa ya pansi itatsekeka ndi zitsulo komanso timibulu ta kuwotcherera kuja, pampu itakalika mkati. Ndalama yokonzera inaposa imene banjalo likanakwanitsa. Kasipiring'i kamene kanayambitsa zonsezi sikafika n'komwe mtengo wa chigubu cha oyilo.

Ndiye ndinene za akatswiri a pansi pa mtengowa. Sindikunyoza munthu chifukwa alibe denga, alipo ena a manja abwino kuposa a m'magalaja a ku Msasa mu Harare. Koma aliyense wokuuzani kuti awotcherera difu, nyamukani. Wokuuzani kuti oyilo wolimba athetsa phokoso, nyamukani. Phokoso langobisika, chitsulo chikudyekabe, ndipo pampu ikuvutika kukoka oyilo wolemera chotero, makamaka m'mamawa wa mu Juni ndi Julayi. Bokosi limeneli limafuna oyilo wa thirakitala wolembedwa UTTO, kapena amene buku la thirakitala yanu latchula. Oyilo wa injini wotsala m'chigubu si wa m'menemo. Wothira oyilo watsopano pamwamba pa zidutswa osatsuka bokosi ndi sefa wangokudyerani ndalama.

Wina ati nanga 4WD, ija yopangitsa matayala onse anayi kukoka? Nkhani yake ndi yomweyo. Matayala akutsogolo anapangidwa kuti azikoka mothamangirako pang'ono kuposa akumbuyo. M'munda dothi limalola kuterera, pa tara palibe poterera, mphamvu yonse imathera m'magiya. Chotsani 4WD musanakwere msewu, mumangenso mapedulo awiri a buleki pamodzi. Ndipo musaike tayala la saizi ina chifukwa mwalipeza lotchipa.

Mukamva kugogoda kumbuyo pokhota, kulira kokwera ndi liwiro, kapena pedulo ya loko yalobodoka, imitsani tsiku lomwelo. Masulani bawuti yokhuthulira oyilo, mukhetsere pang'ono m'chitini choyera. Ngati oyilo wayera ngati tiyi wamkaka, mwalowa madzi. Lowetsanimo maginito. Fumbi losalala lachitsulo pang'ono silodabwitsa, koma kachidutswa kakuthwa komveka pa chala ndiye kuti injini isalizidwenso mpaka bokosi litatsegulidwa.

Kuchedwa kumawawa kawiri pa mathirakitala ochokera ku Japan, chifukwa masipeya ake simungangowapeza pa Kaguvi Street mu Harare ngati a galimoto. Ambiri ndi oitanitsa kunja, ndipo odikira. Jambulani nambala ya modelo ndi ya chasisi pa kachitsulo kokhomedwa pa thupi la thirakitala, mubwere nazo, ndipo ntchito yotereyi muichite mu Seputembala kapena Okutobala, pulawo isanafunike m'munda.