Zizolowezi zimene akuba a pa foni amadalira

Uthenga walowa pa foni: mwalandira K45,000. Musanaganize n'komwe za amene angakutumizireni, foni ikulira. Mawu ndi a mayi amene akumveka kuti wasweka mtima, akuti walakwitsa nambala imodzi potumiza, ndalamazo zinali za mwana amene ali m'chipatala, chonde mubweze. Munthu woleredwa bwino safuna kudya za mwini, ndiye amabweza nthawi yomweyo. Akadzafunsa ndalama zotsala madzulo ndi pamene amazindikira kuti palibe chimene chinalowa, zimene watumiza ndi zake zomwe.

Chimene chachitika apa n'chosavuta. Wakuba wakopera mawu a uthenga weniweni wa Airtel Money kapena Mpamba, wasintha dzina ndi kuchuluka kwa ndalama, n'kuutumiza ngati SMS wamba. Kawirikawiri pamwamba pa uthenga wotere pamaoneka nambala ya munthu, yoyamba ndi 09 kapena 08, pomwe uthenga weniweni umabwera ndi dzina la kampani. Koma musadalire zimenezi zokha, chifukwa dzina nalo ena amatha kulinamizira. Mboni yosanama ndi ndalama zotsala mu akaunti. Dulani foni, imbani *211# ngati muli pa Airtel kapena *444# ngati muli pa TNM, muone nokha. Zikapezeka kuti ndalama zalowadi, musazibweze ndi manja anu. Muuzeni mwini wakeyo apemphe kukampani kuti zibwezedwe. Nthawi zina ndalama zoterezi zimakhala zobedwa kwa munthu wina, ndipo mukazitumiza ku nambala imene mwauzidwa, dzina lanu limalowa m'njira imene ndalama zakubazo zadutsa.

Pa milandu yambiri yotere palibe amene wathyola foni kapena makina a kampani. Wakuba amangodziwa zimene timachita tikapanikizika, tikamva chisoni kapena tikauzidwa kuti mwayi ukutha lero.

Tiyeni tione za PIN. Manambala 4 angasanjidwe m'njira 10,000, ndipo munthu akalakwitsa kangapo akaunti imatsekeka, choncho PIN yosankhidwa bwino n'njovuta kuilota. Vuto n'lakuti ambiri timasankha 1234, 0000 kapena chaka chobadwa. Chaka chimenecho chili pa chiphaso cha unzika, chimene chimayenda m'chikwama chimodzi ndi foni, ndipo kwa ena chili poyera pa Facebook. Ena PIN imodzimodziyo ndiyo yotsegulira foni, ya Mpamba, komanso ya kubanki. Amene waiona kamodzi pamzere wa kwa ejenti watenga makiyi a nyumba yonse.

Kwa ejenti komweko kuli chizolowezi chimene chimatidetsa nkhawa kwambiri: kupereka foni n'kutchula PIN mokweza kuti ejenti adinize yekha. Amachita zimenezi kwambiri ndi makolo athu amene maso atopa kapena sadziwa kuwerenga, ndipo sitingawadzudzule. Ma ejenti ambiri ndi anthu okhulupirika, koma pakhonde paja pamaima anthu ambiri, ndipo makutu alibe chitseko. Ngati agogo amadalira thandizo, awathandize mwana kapena mdzukulu mmodzi wodziwika, ndipo PIN ikamveka ndi anthu ena isinthidwe tsiku lomwelo.

Pali lamulo limodzi lothandiza pa mafoni onse onena kuti mwawina mphoto, mwalowa mu Mtukula Pakhomo, dzina lanu latuluka pa feteleza wotsika mtengo, kapena katundu wa mbale wanu wochokera ku Joni wagwidwa pachipata cha Mwanza. Polandira ndalama PIN sifunika. Munthu akamakuuzani manambala oti mudinize mmodzimmodzi, n'kumakuletsani kudula foni, dziwani kuti akukuyendetsani m'ndondomeko yotumizira ndalama, kungoti akukulankhulitsani kuti musawerenge zimene zikulembedwa pagalasi. Wogwira ntchito kukampani ya mafoni kapena kubanki alibe chifukwa chofunsira PIN yanu, ngakhale atakutchulani dzina lonse. Dzinalo si umboni, chifukwa aliyense woyamba kutumiza ndalama ku nambala yanu amaliona asanatsimikize.

WhatsApp imabedwa m'njira inanso, ndipo apa tiyenera kufatsa. Munthu akafuna kutsegula WhatsApp ya nambala yanu pa foni yake, kampaniyo imatumiza SMS ya manambala 6 ku SIM yanu. Popanda manambala amenewo sangalowe. Ndiye amawapempha kwa inu. Uthengawo suchokera kwa mlendo, umachokera kwa mnzanu wa mugulu la kwaya kapena la banki mkhonde amene akaunti yake yabedwa kale. Amati watumiza khodi kwa inu molakwitsa, kapena kuti khodiyo ndi yolowera pamsonkhano wa gulu. Mukangomutumizira, WhatsApp yanu imatseka, wakubayo n'kuyamba kubwereka ndalama kwa abale anu m'dzina lanu, ndi chithunzi chanu chomwe.

Chotchinga chake chimatenga mphindi ziwiri. Lowani pa Settings, kenako Account, kenako Two-step verification, muike PIN yanu ya manambala 6 pamodzi ndi imelo. Wakuba ngakhale atapeza khodi ya pa SMS, amakakamira pa PIN imeneyi. Onaninso pa Linked devices, chifukwa munthu amene munamubwereka foni kwa kanthawi akhoza kulumikiza WhatsApp yanu ku kompyuta yake n'kumawerenga zonse mwakachetechete. Chimene simukuchidziwa pamenepo chichotseni. Ngati akaunti yabedwa kale, ilembetseninso ndi nambala yanu. Mukalowetsa khodi yatsopano wakubayo amatulutsidwa, ngakhale kuti akakhala ataika PIN yake mungadikire masiku 7 musanalowenso. Pa masiku amenewo imbirani abale muwachenjeze.

Zonsezi zikuonetsa kuti SIM ndiyo mutu wa nkhani, pakuti makhodi a banki, a Facebook ndi a WhatsApp amafikira pamenepo. Foni yokhoma ndi chala kapena nkhope siteteza SIM, wakuba amangoizula n'kuika mu foni ina. Ikani PIN pa SIM yeniyeniyo, pamalo olembedwa SIM lock. Samalani poika, chifukwa mukalakwitsa katatu imatseka ndipo pamafunika nambala yoitsegulira yotchedwa PUK, imene imalembedwa pa kakhadi kamene SIM inabwera nako. Ndipo netiweki ikazimiririka mwadzidzidzi pa foni yanu pomwe anzanu a kampani yomweyo akuimba bwinobwino, musadikire mawa. Mwina wina watulutsa SIM ina ya nambala yanu. Kuyambira 2018 SIM iliyonse imalembetsedwa ndi chiphaso, choncho fotokope ya chiphaso chanu si pepala wamba. Mukamaipereka kulikonse, lembanipo tsiku ndi ntchito yake, ndipo musalembetsere munthu wina SIM m'dzina lanu, chifukwa akakaba nayo apolisi adzagogoda kwa inu.

Mapulogalamu ogawana pa Bluetooth kapena oikidwa ndi okonza mafoni kumsika, monga GB WhatsApp, sadutsa m'kauniuni wa Play Store, ndipo ena amapempha chilolezo chowerenga ma SMS. Pulogalamu ya tochi kapena ya masewera ilibe ntchito ndi mauthenga anu. Popereka foni kokonzetsa, chotsani SIM ndi memori khadi.

Zikachitika, mdani wamkulu ndi manyazi. Munthu amakhala chete masiku awiri poopa kusekedwa, pomwe wakuba amatapa ndalamazo kwa ejenti kapena kuzimwaza ku nambala zina m'mphindi zochepa. Imbani kukampani ya foni kapena kubanki nthawi yomweyo kuti atseke akaunti, sinthani PIN, kenako kanenani kupolisi. Lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security limazindikira milandu ya mtundu umenewu, ndipo bungwe la MACRA limalandira madandaulo okhudza makampani a mafoni. Musafufute uthenga uliwonse chifukwa cha mkwiyo. Nambala imene inakuimbirani, nthawi yake, ndi nambala ya transaction imene ili mu SMS yotsimikizira ndi zimene ofufuza adzayambirepo.