Le Caillou, Nyumba ya Pafamu Momwe Napoleon Anagona Nkhondo ya Waterloo Isanayambe

Kumwera kwa mzinda wa Brussels ku Belgium, m'mbali mwa msewu wopita ku Charleroi, kuli nyumba ya pafamu yotchedwa Le Caillou. Inamangidwa mu 1757, ndipo ikanangokhala nyumba ya alimi wamba pakanapanda usiku wa pa 17 June 1815.

Madzulo a tsikulo mvula inkakhuthuka kwadzaoneni. Napoleon, mfumu ya France, anafika pamalopa akulondola asilikali a Wellington, mkulu wa nkhondo wa Angerezi, omwe ankachoka ku Quatre Bras kulowera kumpoto. Nyumbayi anaisandutsa likulu lake, asilikali omulondera n'kumanga msasa m'munda wa zipatso.

Nkhani yagona pa zomwe zinachitika kutacha, akuluakulu a nkhondo atasonkhana kudya kadzutsa. Marshal Soult, yemwe anaona zakuda polimbana ndi Wellington ku Spain, analangiza kuti aitanitse ena mwa asilikali oposa 30,000 omwe anapita ndi Grouchy, mkulu wina wa nkhondo wa France, kukathamangitsa gulu la nkhondo la Prussia. Napoleon anamunyogodola, nati akumuopa Wellington chifukwa choti anamugonjetsapo, pomwe Wellingtonyo ndi mtsogoleri wosathandiza. Mng'ono wake wa Napoleon, Jérôme, anabwera ndi zomwe anamva kwa woperekera zakudya pa nyumba ina ya alendo ku Genappe, zoti Angerezi akuyembekeza thandizo la asilikali a Prussia. Izinso Napoleon anazitaya kunkhongo, poti ankakhulupirira kuti asilikali a Prussia anawathyola msana ku Ligny pa 16 June.

Langizo lomwe anamvera ndi loti adikire nthaka iume kaye kuti mizinga isatitimire m'matope. Pamenepa sitingamudzudzule kwambiri, matope analipodi. Koma nkhondo inayamba cha m'ma 11:30 m'mawa, ndipo maola otayikawo anathandiza Blücher, mkulu wa asilikali a Prussia. Chakumadzulo asilikali ake anali atafika ku Plancenoit, kufupi ndithu ndi Le Caillou, ndipo pomwe kumada gulu la France linali litabalalika.

Asilikali a Prussia anaitentha nyumbayi nkhondo itatha, koma inakonzedwanso. Mu 1912 anamanga kanyumba m'munda mwake kosungiramo mafupa omwe ankatoledwa pomwe panachitikira nkhondoyo. Kuyambira mu 1951 ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale, ndipo lero ikuyang'aniridwa ndi chigawo cha Brabant wallon.