Mpangankhani wa mu gemu amaonekera pa zala za wosewera

M'tinyumba ta magemu ta kuzungulira msika wa Zomba, ku Chinamwali ndi ku Chikanda, ambiri amathamangira mpira, chifukwa ndi umene umatha msanga pa ndalama yomwe walipira. Gemu yokhala ndi nkhani ikayikidwa, kakanema kakangoyamba chala chili kale pa batani lodumphira. Nzomveka, nthawi ikuwerengedwa. Koma wodumphayo sangathe kunena ngati nkhaniyo ili yabwino, ndipo amene amaonera tikanema tokhato nayenso waona theka.

Kusukulu tinaphunzira kuyeza mpangankhani ndi zolankhula zake, zochita zake komanso zimene ena akunena za iye. Mu gemu muli chachinayi: zimene inu mukumuchititsa ndi padi, kachipangizo ka mabatani koseweretsera gemu. Pofotokoza nthano, omvera amayankha kuti "tili tonse". Apa manja anu ndiwo akuyankha, ndipo ngati zimene akuchita zikutsutsana ndi zimene nkhani ikunena, mpangankhaniyo ndi wongopaka utoto.

Tomb Raider ya 2013 ikuonetsa vutoli poyera. Lara Croft atapha munthu koyamba amanjenjemera ndi kulira, ochita sewerowo anayesetsadi. Pasanapite nthawi yaitali gemu imakupatsani adani ankhaninkhani ndi mapointi owonjezera mukawombera m'mutu. Olemba nkhani ankafuna mtsikana wamantha, okonza kaseweredwe ankafuna msilikali, ndipo awiriwa sanagwirizane. Clint Hocking, wokonza magemu, ndiye anatchukitsa dandaulo lotere mu 2007 polemba za gemu ya BioShock.

Yerekezani ndi God of War ya 2018. Kratos ndi mwana wake Atreus akupita ndi phulusa la mayi a mwanayo pamwamba pa phiri. Inu muli ndi batani louza mwanayo kuti aponye muvi, ndipo mumalizolowera kwa maola ambiri. Atreus atamva kuti ndi mulungu amayamba mwano, ndipo panthawi imeneyo mukhoza kudina batani iye osamvera, kapena kuponya yekha musanamuuze. Kusamvera kwa mwana mumakumva m'chala chanu chomwe. Palibe kakanema kamene kakanafika pamenepo.

Chinanso choyang'ana ndi ngati zochita zili ndi mtengo wake. Mu Red Dead Redemption 2 ya 2018, Arthur Morgan amatumidwa kukamenya Thomas Downes, mlimi wodwala amene walephera kubweza ngongole. Downes amamutsokomolera kumaso. Ntchitoyi imaoneka yaing'ono, imatha, mumaiwala. Patapita maola ambiri dokotala wa ku Saint Denis amamupeza Arthur ndi chifuwa chachikulu. Amaonda, nkhope imasintha, ndipo ku Annesburg amakumana ndi mkazi wamasiye wa Downes uja ali pa umphawi wadzaoneni. Kusintha mtima kwa Arthur kumakhulupirika chifukwa munaliona gwero lake, ndiponso nkhonya zija zinachoka m'manja mwanu. Tsegulaninso kabuku kamene Arthur amalembamo: mawu ake m'menemo ndi ofatsa kuposa amene amalankhula pagulu, ndipo kusiyana kumeneku ndiko kuzama kwa munthu.

Gemu zambiri zimadzitama kuti mumasankha nokha njira. Ziyeseni. Sungani gemu musanasankhe, tengani njira yoyamba, sewerani mphindi 20 kapena 30, kenaka bwererani mutenge inayo. Ngati chasintha ndi chiganizo chimodzi chokha, kusankhako nkwachiphamaso. Izi sizitanthauza kuti nkhani yopanda zosankha ndi yofooka: The Last of Us ya 2013 sikufunsani maganizo pamene Joel akunamiza Ellie kumapeto, ndipo mphamvu yake ili pomwepo, poti bodzalo ndi limene munthu ameneyu akananenadi.

Ampangankhani aang'ono nawonso muziwatchera khutu. GTA San Andreas ya 2004, imene pafupifupi aliyense pano anaigwirapo, ili ndi luso limene ambiri sanalione. Big Smoke, mnzake wa CJ (mpangankhani wamkulu), anasamuka kuchoka kwawo ku Grove Street nkunena kuti nyumba anagula ndi ndalama za azakhali ake. Pa ulendo wokagula chakudya ku Cluckin' Bell, anzake akuwomberana ndi a Ballas, gulu la adani awo, iye ali kalikiliki kudya, osawombera ngakhale kamodzi. Poyamba zimaseketsa. Akadzamupereka CJ mpamene mumazindikira kuti olemba anakuchenjezani kalekale. Chiwembu chongogwa popanda zizindikiro zotere ndi ulesi wa wolemba.

Kuti zonsezi muzigwire, yatsani mawu olembedwa pansi, chifukwa Chingerezi cha m'magemuwa nchothamanga ndipo m'chipinda mumakhala phokoso. Musamathamange ndi galimoto kapena hatchi anthu akucheza m'njira. Mukafika msanga pamalo, macheza ena amaduka asanathe. Ndipo ipatseni gemu maola atatu kapena anayi musanaiweruze, mukusunga pafupipafupi, poti magetsi akazima pakati pa chigawo, kubwereza zomwezo kachitatu kumapha ngakhale nkhani yolembedwa bwino.