Musadikire khoma ling'aluke kuti mufune injiniya

Ndatopa nawo mawu akuti "injiniya ndi wodula, mmisiri wanga wamanga nyumba zambiri." Ndimawamva pa Kamuzu Road, ndimawamva ku Chipoka, ndipo wonenayo amabweranso mvula ikagwa kawiri, kudzandiuza kuti khoma lang'aluka. Mmisiri sindikumunyoza ayi, popanda iye palibe chingaime. Koma kuyala njerwa ndi ntchito ina, kuwerengera katundu amene nsanamira ingasenze ndi ntchito inanso.

Kuno ku Salima nthaka siyofanana ndi ya ku Lilongwe, moti pulani yokopera kwa mlamu wanu ku Area 25 ikhoza kukugwetsani m'mavuto. M'madambo muli makande, amene amafufuma dzinja n'kung'ambika chilimwe, maziko n'kumavutika chaka ndi chaka. Ku Senga Bay ndi mchenga, madzi ali pafupi, ndipo tonse tinaona mmene nyanja inalowera m'malo ogona alendo mu 2024. Komanso tili m'chigwa cha zivomerezi. Chivomerezi cha pa 10 March 1989 chinapha anthu 9 ndi kusiya zikwizikwi opanda pogona, koma lero wina akumanga osaika ring beam, lamba wa konkire womanga makoma pamodzi pamwamba, kuti apulumutse matumba angapo a simenti.

Nkhani imene imandiwawabe ndi ya mayi wina, mphunzitsi wopuma. Penshoni yonse anaiika pa nyumba yosanjikiza, pansi mashopu, pamwamba zipinda za lendi. Ntchito anapatsa munthu wovala chipewa choyera, wolankhula bwino, amene aliyense pamalopo ankamutcha "injiniya". Nditaitanidwa ndinapeza silabu itawerama pakati. Ndinakanda konkire ndi kiyi wa galimoto, inkangoyoyoka ngati chigumu chogonetsa. Zitsulo munthu uja anaika za Y10, za mamilimita 10, motalikirana, pamene pamafunika zokulirapo. Mitengo yochirikiza anaichotsa sabata isanathe kuti akaigwiritse ntchito kwina. Konkire imafuna kuthiriridwa, ndipo mphamvu yake timaiyeza pa masiku 28! Ndinati, "Mayi, musalole munthu aliyense kulowa pansi apa. Silabuyi iyenera kugwetsedwa." Anakhala pa mulu wa njerwa, n'kundifunsa, "Mwanangu, nanga ndikadandaule kuti?" Munthu uja sanali m'kaundula aliyense wa mainjiniya, ndipo foni anali atazimitsa kale.

Kaundulayo alipo, abale anga. Bungwe la Malawi Engineering Institution, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019, ndi limene limalembetsa mainjiniya ndi matekinishani, ndipo wophwanya malamulo a ntchito lingathe kumulanga. Digiri ya ku yunivesite ya MUBAS payokha siyokwanira kuti munthu asayinire pulani ya nyumba yosanjikiza. Amayamba wagwira ntchito pansi pa akuluakulu kwa zaka. Choncho funsani satifiketi, lembani nambala yake, mufunse ku bungwelo. Wolembetsedwa sakwiya mukamufunsa. Wokwiya ndi funso limeneli, musamupatse ngakhale ya transipoti.

Koma mayi wa ku Khombedza sangakwere minibasi kupita ku mzinda kukafufuza dzina la munthu. N'chifukwa chake ndikulimbikira kuti ife a ntchitoyi ku Salima ndi Nkhotakota tikhale ndi nthambi yathu yamphamvu ya bungweli. Tilipo ndithu: ku khonsolo, ku Central Region Water Board, ku fakitale ya shuga ku Dwangwa, pa magetsi a dzuwa a 60 MW ku Nanjoka. Kungoti aliyense ali payekha. Nthambi ikanapachika maina a olembetsedwa pa ofesi ya khonsolo, ikanaphunzitsa amisiri athu kasakanizidwe ka konkire, ikanasunga zimene tinaphunzira pamene mtsinje wa Dwangwa unasefukira mu February 2024 ndi kudula msewu wa M5, kuti womanga mlatho kapena kalavati mawa asayambire pa kuganizira chabe. Izi sizichitika pa msonkhano wa pachaka ku hotela, munthu n'kubwerako ndi kachikwama basi.

Pakadali pano, ngati khoma lanu lili ndi mng'alu wokwera motsata mizere ya njerwa, kapena chitseko chimene chinkatsekeka bwino chayamba kukana, musamate pulasitala n'kupaka penti. Pansi pakusuntha. Itanani injiniya wolembetsedwa mvula isanayambe, ndipo ana asagone m'chipindacho mpaka ataona.