Msika wa pansi pa mtengo

Ndaphunzitsa sitandade 1 ndi 2 kuno ku Ntcheu kwa zaka zambiri, koma chinthu china chimandidabwitsabe. Mwana yemwe amakanda m'mutu ndikamulembera 10 kuchotsa 3 pa bolodi, mukamutuma mandasi amabwera ndi chenji chokwanira ndendende. Masamuwo ali nawo, kungoti amadzuka pakakhala chinthu chogwira m'manja.

N'chifukwa chake makolo akandifunsa kuti ayambire pati pophunzitsa mwana za ndalama, ndimawauza kuti ayambire pa masanje. Pezani zitsekerero za mabotolo zikhale makobidi, masamba a mango akhale ndalama zapepala. Mwana aunjike timiyala timilutimilu ngati momwe amayi amaunjikira tomato ndi mbatatesi pa Lizulu kapena pa Tsangano. Iye akhale wogulitsa, inu wogula. Nenererani mtengo, pemphani basela, ndipo nthawi zina mupatseni dala zitsekerero zinayi pamene mulu ndi wa zisanu, muone ngati atulukire. Akakugwirani, dandaulani ndithu ngati mwachita manyazi. Ana amaseka mpaka kugwa, ndipo mawa lake amawerenga kawiri asanapereke katundu.

Musakhumudwe mwana wa zaka zinayi kapena zisanu akasankha ma K20 atatu n'kusiya K200 imodzi. Si umbuli. Pa msinkhu umenewu amawerenga kuchuluka kwa mapepala, za mphamvu ya pepala lililonse zimabwera pambuyo. Chomwe chimathandiza ndi nkhope. Ife a kuno tili ndi mwayi, chifukwa pa K50 pali Inkosi ya Makhosi Gomani II, dzina lomwe ana amalimva kale kwa agogo awo. Pa K200 pali mayi Rose Chibambo, pa K500 John Chilembwe, pa K1,000 Kamuzu Banda. Yalani ndalamazo pa mphasa, mufunse kuti pafunika a Gomani angati kuti akwane mayi Chibambo mmodzi. Akafika pa anayi, wayamba kuchulukitsa asakudziwa.

Vuto la masiku ano ndi foni. Mwana amaona bambo ake akudina Airtel Money kapena Mpamba, ejenti n'kutulutsa ndalama, ndiye amaganiza kuti ndalama zimabadwira m'foni ndipo sizitha. Tsiku lokagulitsa kabichi kapena nyemba mutengeni, aone thumba likuchoka ndalama ikubwera. Mukamakaika kwa ejenti muuzeni kuti izi ndi za kabichi uja tinkathirira m'dimba.

Kusunga kuphunzitseni ndi kachitini koboola pamwamba, koma cholinga chikhale chapafupi: pensulo, kope, kampira, chinthu cha masabata awiri kapena atatu. Mwana wamng'ono sadziwa kutalika kwa chaka, komanso mitengo siyembekeza munthu. Tonse tikukumbuka momwe zinthu zinakwerera kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023. Ndalama yogona m'chitini miyezi yambiri imadzatuluka itaonda. Tsiku lotsegula likafika, asankhe yekha. Akagula maswiti n'kusiya pensulo, gwirani mtima, musamuonjezere ina. Kuwawa kwa K200 yomwe yathera m'kamwa kumaphunzitsa kuposa kukalipa kwanu.

Apa ndiyankhulepo mosabisa, ndipo inenso ndinalakwapo. Timakonda kubwereka m'chitini cha mwana mchere ukatha, kapena kulanda yomwe amalume amusiyira, n'kumati "ndikusungira". Sitibweza. Mwana amaphunzirapo kuti ndalama yosungidwa imasowa, bola kudyeratu. Ngati zavutadi, bwerekani iye akuona, tchulani tsiku lobweza, ndipo pobweza muikepo kena pamwamba monga timachitira ku banki mkhonde. Mawu akuti chiwongoladzanja adzawamva mtsogolo, koma tanthauzo lake akhala ataligwira kale.

Lachisanu lililonse kalasi langa limachita msika pansi pa mtengo. Tsiku lina ndinapita pa benchi ya kamtsikana kena kogulitsa zitumbuwa zadothi, ndikunamizira kuti ndaiwala ndalama kunyumba. Kanandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato, kanavundikira zitumbuwa zake ndi tsamba la nthochi, n'kunena kuti, "Pepani aphunzitsi, ngongole mawa."