Pamene "zidzagwira ntchito" zadzaza nyumba

Kusunga zinthu si matenda. Ambirife tinakula tikuona amayi akutsuka majumbo n'kuwayanika pachingwe, chigubu cha mafuta ophikira chikusanduka chotungira madzi. Imeneyo ndi nzeru ya pakhomo.

Koma mayi ena achikulire amene ana awo anabwera nawo kwa ine anali atapyola pamenepo. Pabedi pawo panangotsala kamalo kogona chammbali, kwinako manyuzipepala akale, nsapato za phazi limodzi, mawayilesi akufa. Kukhitchini analeka kuphikirako kalekale. Mwana wawo atatola botolo long'aluka kuti akataye kudzala, mayiwo anayamba kunjenjemera, misozi ili mbwee: "Lisiye, lidzagwira ntchito."

Chizindikiro chenicheni n'chimenechi: mtima umawawa koopsa ukafuna kutaya chinthu, ngakhale chachabechabe, mpaka zipinda zimasowa popondapo. Vutoli madokotala a matenda a maganizo amalitcha hoarding disorder. Kale ankaliona ngati nthambi ya OCD (matenda amene amakakamiza munthu kuganiza kapena kuchita chinthu chimodzimodzi mobwerezabwereza), koma mu 2013 buku la matenda a maganizo la ku America lotchedwa DSM-5 linalipatula kukhala vuto palokha, ndipo bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linachitanso chimodzimodzi mu mndandanda wake wa matenda wotchedwa ICD-11, womwe unayamba kugwira ntchito mu 2022. Nthawi zambiri limayamba munthu ali wachinyamata, n'kumakula mwakachetechete ndi zaka. Maliro a wokondedwa amatha kulikolezera, ndipo ambiri amakhalanso ndi matenda ovutika maganizo. Si uve, si umbombo, komanso sikuti munthuyo wakhwimira, monga aneba amanong'onezerana.

Limapha ndithu. Mu 1947 ku Harlem, mumzinda wa New York, Langley Collyer anaphwanyidwa ndi mulu wa katundu wake yemwe, ndipo mkulu wake Homer, wosaona, amene ankadalira iye pa chakudya, anafera m'nyumba momwemo. Anatulutsamo zinthu zoposa matani 100.

Abale ambiri amadikira kuti mwini nyumba apite kutchalitchi, iwo n'kubwera ndi lole. Zimenezi ndimakaniza kwamtuwagalu. Pakangotha miyezi yochepa nyumba imadzazanso, ndipo munthuyo sakutseguliraninso chitseko. Chimene chimathandiza ndi uphungu wotchedwa CBT, womwe umaphunzitsa mwini wakeyo kusankha yekha chotaya n'kupirira nkhawa imene ikutsatirapo. Umayenda pang'onopang'ono, moti abale amafika potopa.

Ndi mayi aja sitinayambe ndi bedi. Tinagwirizana zochotsa mapepala pafupi ndi mbaula ndi kutsegula njira yofikira pakhomo, poopa moto. Sabata yoyamba anataya okha mabotolo asanu, limodzi n'kukalitolanso.